Chifukwa chake mchere umalimbitsa sopo wa mbale koma n'kusungunula jelo ya tsitsi

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chilenje mu Lusaka amene amapanga jelo ya tsitsi ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, n'kumapikulitsa kwa ogulitsa a ku Soweto Market. Akuti: "Ndimathira magalamu 100 a Carbopol 940 mu ndowa ya malita 20, kenako TEA. Nthawi imene ndinkagula madzi a m'mabotolo akuluakulu, jelo inkatuluka yoonekera ngati galasi, yolimba moti supuni inkaima. Mwezi uno ndatunga pa borehole kuti ndipulumutseko ndalama, ndiye yatuluka yotuwa ndi yofewa. Ndinathiramo kapu yaing'ono ya mchere, pafupifupi magalamu 200, monga ndimachitira ndi sopo, basi yonse inasanduka madzi. Ndawonjezera ufa koma sizinathandize. Kodi ufawu ndi wachinyengo? Nanga bwanji mchere womwewo umalimbitsa sopo? Sanitaiza nayo imachita tizingwe toyera ndikathira spirit."

Mayi, ufawo musauimbe mlandu. Ukanakhala wachinyengo sukanalimba ndi madzi oyamba aja. Chasintha ndi madzi, ndipo mchere unangodzamaliza ntchito imene borehole inayamba. Chimene chimagwira jelo yanu si kuchuluka kwa ufa ayi, koma tinthu ta chaji ya magetsi timene tatsekeredwa m'kati mwa tinjere ta ufawo. Mafunso anu atatu onse akuchokera pamenepo.

Carbopol ndi dzina la malonda la kampani ya Lubrizol. Mankhwalawo dzina lake ndi carbomer. Ndi unyolo wautali wa timagawo tofanana ta acrylic acid, totsatizana ngati mikanda pa ulusi, ndipo maunyolowo anamangidwa apa ndi apo kuti akhale ngati ukonde wokulungidwa. Mkanda uliwonse uli ndi kadzanja kamodzi ka asidi. M'magalamu 100 anu muli timanja totere pafupifupi 1.3 mole. Mole musaiope, ndi chiwerengero chabe ngati dazeni, kungoti ndi chachikulu zedi. Imatithandiza kuwerenga ufa, TEA ndi mchere pa mutupamutu m'malo mongoyerekeza kulemera kwake. Ufa ukangolowa m'madzi, timanjato timakhala titafumbatabe hydrogen wake, tilibe chaji, ndipo ukonde umakhala chikulungire. N'chifukwa chake pa nthawi imeneyi madzi amaoneka ngati mkaka wosukuluka, pH (muyeso wa asidi, umene umatsika asidi akachuluka) ili cha pa 3, ndipo mthiko umayenda osavuta.

Ntchito ya TEA (triethanolamine, mankhwala okwezera pH) ndi kulanda hydrogen ameneyo. Kadzanja kolandidwa kamatsala ndi chaji ya mainasi, TEA wolandayo n'kukhala ndi chaji ya pulasi. Unyolo wokhala ndi machaji ambirimbiri omangirira pa thupi lake akatswiri amautcha polyelectrolyte, ndipo DNA, ufa wolimbitsira wa CMC ndi wa xanthan, komanso kunanda kwa delele zonse ndi za banja limeneli. Ambiri pofotokoza amangoti mainasi ndi mainasi amakankhana, ndiye unyolo umawongoka. Sakunama, koma akusiya chachikulu. Tinthu tokhala ndi chaji timatchedwa maayoni, ndipo maayoni a pulasi a TEA aja sanamangidwe pa unyolo. Amafuna kumwazikana mu ndowa yonse monga amachitira shuga mu tiyi, koma sangatuluke m'kanjere, chifukwa akangoti achoke mainasi yotsala m'mbuyo imawakoka kuti abwerere. Poti iwo sangapite kumene kuli madzi, madziwo ndi amene amabwera. Ndi mphamvu yomwe ija imene imakamula madzi m'kabichi mukamuwaza mchere, kungoti apa ikukokera m'kati. Anailongosola m'masamu ndi Frederick Donnan mu 1911. Mu ndowa yanu maayoni oyendayendawa alipo pafupifupi 0.024 mole pa lita, ndipo kukoka kwawo n'kofanana ndi mphamvu ya madzi otsika kuchokera mu thanki yokwezeka mamita 6.

Ndi mphamvu imeneyo kanjere kamafufuma mpaka kakhumi m'mimba mwake, kutanthauza kuti kamatenga malo ochuluka ka 1,000. Tinjere tonse tikatero timadzaza ndowa, n'kupanikizana ngati anthu mu minibasi ya ku Matero nthawi yoweruka. Kulibe kosunthira. Kulimba kumene mumakuonako ndi kupanikizana kumeneku, si kumata ayi. Pa muyeso wa opanga, Carbopol 940 ya 0.5 peresenti imafika pakati pa 40,000 ndi 60,000 centipoise, pamene madzi ndi 1 yokha. Zinthu zobulungira zimayamba kutsekerezana zikatenga magawo pafupifupi 64 pa 100 a malo amene zili. Ndiye tinjere tikafota n'kutsika pa malire amenewo, mpata umapezeka ndipo tonse timaterereka nthawi imodzi. N'chifukwa chake jelo ya carbomer siichedwa pofa: mphindi ino ndi yolimba, mukatakasa kawiri ndi madzi.

Ndisanafike pa mchere, pali chinthu china chimene chingakupulumutsireni TEA. Mikanda ija yatalikirana nanomita 0.25 yokha, nanomita ndi milimita imodzi yogawidwa ka miliyoni. M'madzi ofunda bwino pali mtunda wina wa nanomita 0.7, wotchedwa ndi dzina la Bjerrum: machaji awiri akayandikana kuposa pamenepa, kukokana kwawo kumaposa kugwedezeka kumene kutentha kumabweretsa. Gerald Manning anasonyeza mu 1969 kuti unyolo sungakhale ndi chaji yoonekera yoposa imodzi pa mtunda umenewo. Yoonjezerapo imangokoka maayoni a pulasi n'kuwakakamiza pa unyolo ngati nkhupakupa pa ng'ombe, osayendanso. Ngati timanja tonse tachajidwa, maayoni awiri mwa atatu alionse amakakamira chotere, n'kutsala imodzi yokoka madzi. Tanthauzo lake pa ndowa ndi lakuti mukadutsa gawo limodzi mwa atatu a timanja, TEA wowonjezera sabweretsanso maayoni oyendayenda ambiri. Masamu a Manning anawapangira unyolo wowongoka uli wokhawokha, choncho pa ukonde ngati wanu amangoloza njira, koma zimene amaloza n'zimene timaonadi: jelo imakwera msanga kuchokera pa pH 4, ikafika cha pa 6 yatsala pang'ono kufika pachimake, imakhazikika mpaka cha pa 9, kenako imayamba kutsika. Kutsikako n'chifukwa chakuti mankhwala osowa asidi woti alande amangokhala m'madzi ngati mchere. Magalamu 150 a TEA pa magalamu 100 a ufa ndi pafupifupi mole imodzi, ndipo amafikitsa pH cha pa 7. Pa jelo ya tsitsi sipafunikanso kuposa pamenepo. Ambiri amalekera pa 6 kapena 6.5.

Tsopano mchere. Madzi ankalowa m'kanjere chifukwa m'kati munali maayoni ambiri, kunja kulibe. Mchere wa m'khitchini ukasungunuka umagawika pawiri, sodiyamu wa pulasi ndi kolorayidi wa mainasi, ndipo onsewa ndi omasuka kupita kulikonse, kunja ndi m'kati. Kusiyana kuja kumachepa, kukoka n'kufooka. Masamu a Donnan amapereka chithunzi chabwino. Magalamu 20 okha mu malita 20, omwe ndi masupuni a tiyi atatu kapena anayi, ndi 0.017 mole pa lita, ndipo amatsitsa thanki ija kuchoka pa mamita 6 kufika pa mamita awiri osakwana. Magalamu 200 amene munathira ndi 3.4 mole, kuposa kawiri timanja tonse ta ufa wanu, ndipo thanki imatsala pa masentimita pafupifupi 20. Ukonde umene unakokedwa ngati legeni umangobwerera, n'kulavula madzi onse.

Kukankhana kwa mainasi ndi mainasi nakonso kumazimitsidwa. Chaji iliyonse m'madzi a mchere imazunguliridwa ndi khamu la maayoni otsutsana nayo, moti inzake yomwe ili patali siimvanso kuti ilipo. Peter Debye ndi Erich Hückel anawerengetsa mtunda umene chaji imamvekera mu 1923, ndipo pa mchere wa m'khitchini masamu ake ndi osavuta: 0.304 kugawa ndi square root ya mole pa lita, yankho mu nanomita. M'madzi opanda kanthu konse mtundawu umayandikira nanomita 1,000. Pa 0.001 mole pa lita ndi pafupifupi 10, pa 0.01 ndi 3, ndipo pa mchere wanu wa 1 peresenti ndi 0.7. Pamenepo mkanda umangomva anzake awiri kapena atatu oyandikana nawo, ena onse ali ngati kulibe. Unyolo umafewa n'kudzipinda ngati ulusi wamba. Onaninso kuti square root ija imapangitsa kuti supuni yoyamba ndi imene imawononga kwambiri; kuti mtunda uchepenso ndi theka pafunika mchere wochuluka kanayi.

Mukafuna kuziona ndi maso, ng'ambani thewera logula la mwana. Ufa uli m'katimo ndi sodium polyacrylate, mbale wake wa carbomer. M'madzi ochotsedwa mchere wonse umamwa madzi olemera kuuposa maulendo mazana angapo, koma m'madzi a mchere wa 0.9 peresenti umangomwa maulendo makumi ochepa. Wazani mchere pa phala lakelo muone likuchucha. Ngakhale jelo yanu yabwino ija imasungunuka msanga mukaipaka m'manja, ndipo ogula amakonda zimenezo. Ndi mchere wa m'thukuta umene umaigwetsa.

Nkhani ya borehole ndi yoopsa kuposa ya mchere, ngakhale madziwo sawawa pakamwa. Gawo lalikulu la Lusaka lakhala pa miyala ya dolomite ndi laimu, miyala ya mtundu womwe uja imene anthu amaphwanya m'mphepete mwa misewu ndiponso imene imadyetsa fakitale ya simenti ku Chilanga. Madzi a mvula akamadutsa m'ming'alu yake amasungunula kashiamu ndi magineziyamu. Nkhoko zoyera za mu ketulo ndi umboni wake. Maayoni awiriwa ali ndi machaji awiriawiri a pulasi, ndipo zimenezi zimasintha zinthu zitatu. Pa masamu a Debye chaji imalowa modzichulukitsa yokha, choncho ayoni imodzi ya kashiamu imaphimba ngati maayoni anayi a sodiyamu. Pa masamu a Manning unyolo umamukoka mwamphamvu kwambiri, moti amathamangitsa maayoni awiri a TEA n'kukhala m'malo mwawo yekha, ndipo iye sayendayenda. Chachitatu, ali ndi manja awiri: amagwira mainasi ya unyolo uwu ndi ya unyolo uwo n'kuwasoka pamodzi. Malo osokedwawo amakhala timibulu tolimba tomwaza kuwala, ndiko kutuwa kumene munaona. Mchere wa m'khitchini umangofewetsa. Kashiamu amafewetsa ndi kudetsa.

Tiyerekeze kuti mwakapimitsa madzi anu ndipo pepala lalembedwa kuti kuuma kwake ndi mamiligalamu 300 pa lita. Madzi opitirira 180 amawerengedwa kale kuti ndi ouma kwambiri. Mu malita 20 zimenezi ndi 0.06 mole ya kashiamu, wokwanira kutseka timanja 0.12 mole. Pa ufa wa magalamu 100 wadya kale gawo loposa limodzi mwa khumi la timanja tochajidwa. Amene amatambasula ufa n'kuthira magalamu 40 okha amataya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndipo jelo yawo siidzuka n'komwe. Palinso bicarbonate amene amayenda ndi kashiamuyo. Iye amagwira ntchito ya TEA musanakonzeke: kunja kwa mbulu uliwonse wa ufa kumafufuma n'kutseka njira, m'kati muli mouma, ndipo mpweya wotuluka umasiya tithovu tokanirira. Ngati munaona kuti ufa unavuta kusungunuka mwezi uno kusiyana ndi kale, chifukwa chake n'chimenecho. Madzi a pa mpope nawo musawakhulupirire musanayese, chifukwa mu mzinda uno ena amachokera ku mtsinje wa Kafue, ena ku ma borehole, ndipo dera ndi dera zimasiyana.

Njira zothana ndi madzi zilipo zingapo, koma sizifanana mphamvu. Kuwiritsa kumagwetsa kashiamu amene ali ndi bicarbonate. Muwasiye azizire usiku, mutsanule apamwamba, nsenga zoyera zitsale pansi. Wotsagana ndi sulphate kapena kolorayidi sachoka, ndipo makala owiritsira malita 20 mukawawerengera mwina aposa mtengo wa madzi ogula. Disodium EDTA imakumbatira kashiamu mmodzimmodzi kuti asafike pa unyolo. Pa chitsanzo chathu pangafunike magalamu 22, ndipo iyenera kusungunuka m'madzi ufa usanalowe; mukaithira pambuyo kashiamu amakhala atasoka kale. Koma dziwani kuti EDTA nayo ndi mchere, imabwera ndi sodiyamu wake. Imabweza kuonekera kwa jelo kuposa mmene imabwezera kulimba. Fyuluta yofewetsa madzi ya utomoni imachita chimodzimodzi, kuchotsa kashiamu mmodzi n'kuikapo sodiyamu awiri. Madzi a mvula ndi ofewa, koma a pa denga la malata amabwera ndi fumbi ndi dzimbiri, ndipo chitsulo chochepa kwambiri chikakumana ndi dzuwa chimadula maunyolo a carbomer, jelo n'kufewa ili pa shelefu. Kwa ine, njira yosataya nthawi ndi madzi osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis) kapena ochotsedwa maayoni onse, ndi EDTA ya magalamu 10 monga chitetezo chabe. Gulani kamita ka TDS, kopimira kuchuluka kwa mchere wosungunuka m'madzi, kokhala ngati cholembera, muzipima chigubu chilichonse. Ochotsedwa maayoni amawerenga pansi pa 10. Nambala ikamakwera m'mazana, madziwo asungireni sopo. Ngati mugula madzi a batire, onetsetsani kuti ndi madzi othira mu batire osati asidi wake, pakuti mabotolo ake amakhala pa shelefu imodzi.

Nanga sopo? Sopo mulibe unyolo wautali poyamba. SLES, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Texapon, komanso sulphonic acid wosakanizidwa ndi caustic soda, onsewa ndi timamolekyu tating'ono tokhala ngati mbululu: mutu wa mainasi wokonda madzi, mchira wa mafuta woopa madzi. Timasonkhana michira m'kati, mitu kunja. Popanda mchere mituyo imakankhana, uliwonse kufuna malo aakulu, ndipo gululo limakhala kampira kakang'ono kogubuduka mosavuta. Mchere ukaphimba machaji, mitu imayandikana, ndipo timipirato timalumikizana kukhala tinyongolotsi tatitali tokolanakolana. Sopo n'kulimba. Choncho mchere ukuchita chinthu chimodzi m'ndowa zonse ziwiri, kuziziritsa kukankhana kwa mainasi. Mu jelo kukankhana ndi kukoka madzi ndi zimene zinaimika nyumba, mu sopo ndi zimene zinkaletsa kumanga. Sopo nayenso ali ndi malire: amalimba mpaka pa nsonga ina, kawirikawiri pakati pa 1 ndi 3 peresenti malinga ndi zosakaniza, mukadutsa amafewanso, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi amatha kutuwa m'botolo. Sungunulani mcherewo m'madzi kaye, muzithira pang'onopang'ono n'kudikira mphindi zingapo musanawonjezere.

Tizingwe toyera ta mu sanitaiza ndi nkhani ya Bjerrum ija. Madzi amachepetsa kukokana kwa machaji pafupifupi ka 80, pamene ethanol, yemwe ndi spirit uja, amachepetsa ka 25 kokha. Mukasakaniza mpaka spirit afike 70 peresenti, nambala ili cha pa 40, ndipo mtunda uja umakula kuchoka pa nanomita 0.7 kufika pa 1.4. Maayoni ambiri amakakamira pa unyolo, oyendayenda amachepa, ndipo ngati mnzake wa unyolo ndi ayoni yaing'ono yosakonda spirit, ukonde wonse umakhwinyata n'kutuluka m'madzi ngati ulusi woyera. Apa kusankha mankhwala okwezera pH n'kofunika zedi. Malinga ndi malangizo a opanga ufawu, caustic soda amapirira spirit wofika 20 peresenti, TEA amafika 60, AMP (aminomethyl propanol) amafika 80. Sanitaiza yogwira ntchito iyenera kukhala ndi spirit wosachepera 60 peresenti, ndiye TEA ali pa malire penipeni. N'chifukwa chake tsiku lina zimatheka, lina ayi. Chonde musachepetse spirit pofuna kuti jelo ioneke bwino, chifukwa mudzagulitsa chinthu chokongola chosapha majeremusi. Pezani AMP, musungunule ufa m'madzi, muthire spirit pang'onopang'ono, AMP pomaliza. Mukalephera kumupeza, pangani yamadzi ya bungwe la WHO imene ilibe ufa uliwonse: pa malita 10, ethanol wa 96 peresenti mamililita 8,333, hydrogen peroxide wa 3 peresenti mamililita 417, glycerine wa 98 peresenti mamililita 145, n'kudzazitsa ndi madzi oyera. Spirit wa pepo woyatsira moto asayandikire, amatha kukhala ndi methanol yemwe ndi poizoni.

Mchere wina umalowa mu jelo mobisala. Sodium benzoate, amene ambiri amathira kuti katundu asavunde, ndi mchere, komanso amagwira ntchito pH ikakhala pansi pa 5; pa 6.5 amangofewetsa jelo popanda kuiteteza. Phenoxyethanol alibe chaji, ndipo osapitirira 1 peresenti amakwanira. Madzi a aloe vera ali ndi mchere wawo wachilengedwe, utoto wa ufa nawo kawirikawiri umakhala wosakanizidwa ndi mchere. Ndi dzina lililonse loyamba ndi sodium kapena lothera ndi chloride khalani tcheru. Zoopsa kwambiri ndi zofewetsa tsitsi za chaji ya pulasi, monga cetrimonium chloride, benzalkonium chloride ndi ma polyquaternium. Zimenezi zikakumana ndi unyolo wa mainasi zimakumbatirana nawo, maayoni ang'onoang'ono a mbali zonse n'kumasuka kuthawa, ndipo chotsala ndi chambiko chomata pansi pa ndowa. Glycerine, PVP yogwiritsa tsitsi ndi polysorbate 20 yosungunulira pafyumu zilibe chaji, sizivuta.

Pophika ndowa yotsatira, yambani ndi malita 18 a madzi ozizira opimidwa kale, musungunulemo EDTA. Ufa muziwaza kudzera mu sefa youma uku mukutakasa, ngati mukuphika phala la mwana, osakhuthula nthawi imodzi. Ufawu umakoka chinyezi, choncho tsekani paketi mukangotapa, makamaka nthawi ya dzinja. Vindikirani ndowa mpaka m'mawa kuti tinjere tonse tinyowe. Ngati pali mbulu wa diso loyera pakati, nthawi youphwanya ndi ino, madzi akadali ofewa, ndipo makina otakasira mwamphamvu amaloledwa pano pokha. Thirani glycerine ndi choteteza kuvunda. Sungunulani TEA m'madzi okwana lita imodzi, muthire magawo atatu mwa anayi, mutakase modekha kuchokera pansi ndi mthiko waukulu, mupime pH ndi kapepala, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka 6 kapena 6.5. PVP yosungunulidwa payokha, pafyumu ndi utoto zilowe pomaliza, madzi otsala n'kukwaniritsa malita 20. Jelo ikalimba musaimenyenso ndi makina: amang'amba ukonde ndipo kulimba kotayika motero sikubwerera, komanso thovu lolowa pamenepo silituluka. Ofuna caustic soda m'malo mwa TEA afunika magalamu pafupifupi 40 pa ufa womwewo, osungunula kale. Soda ndi amene amathiridwa m'madzi, osati madzi pa soda, ndipo magolovesi ndi magalasi a maso avalidwe.

Musanaike malita 20 pachiswe, yesani m'matambula atatu. Lililonse magalamu 200 a madzi, galamu imodzi ya ufa, ndi magalamu 1.5 a TEA. Pafunika kasikelo kowerenga mpaka 0.01. Loyamba madzi ogula, lachiwiri a borehole, lachitatu a borehole owiritsa kapena othira EDTA ya magalamu 0.2. Ikani nyuzipepala kuseri kwa tambula muone ngati zilembo zikuwerengeka, kenako pendekani tambula muwerenge masekondi jelo isanasunthe. Chosakaniza chatsopano chilichonse chizidutsa kaye m'tambula lotere.

Ndowa imene yasanduka madzi ija siingabwerere ndi Carbopol. Mchere sungatuluke, ndipo ufa wowonjezera ukulowa m'madzi omwewo a 1 peresenti, komanso poti pH yakwera kale umangoumbika mibulu. Kuisukulutsa sikuthandiza: kuti mchere utsike kufika 0.1 peresenti pafunika malita 200, ndipo pamenepo ufa watsala 0.05 peresenti, tinjere sitikhudzananso. Chimene chingailimbitse ndi ufa wosadalira chaji. HEC (hydroxyethylcellulose) ilibe chaji konse, imalimbitsa ndi kukolana kwa maunyolo basi, ndipo mchere wa 1 peresenti suikhudza. Xanthan ili ndi chaji, koma unyolo wake ndi wopotedwa ngati chingwe cha sisal, wouma msana mwachibadwa, choncho ngakhale machaji aphimbidwe sudzipinda kwenikweni. Vuto lake ndi kutuwa ndi kunanda. CMC ndi unyolo wa mainasi wofewa msana, umamva mchere ndipo sugwirizana ndi kashiamu wambiri, makamaka ukathiridwa m'madzi amene muli kale mchere, ndiye pa ndowa iyi siyoyenera. Tapani magalamu 200 a jelo yowonongekayo, musakanize magalamu awiri a HEC ndi glycerine pang'ono kuti isachite mibulu, muthire mukutakasa, mudikire ola limodzi. Ikalimba idzakhala yokoka ulusi pa chala ndipo siidzaonekera ngati galasi, komanso mchere wake ungasiye zoyera m'tsitsi ukauma, choncho ipakeni kaye pa katsitsi kochepa muone musanaithire m'mabotolo a malonda.